Kasamalidwe ka nkhuku yodwala imene yangofika kumene pakhomo

Nkhuku imafika pakhomo m'njira zosiyanasiyana. Ina mumapatsidwa ndi achibale pochoka kumudzi, ina mumagula pamsika, ndipo m'matauni anthu ambiri amagula nkhuku zoikira mazira zimene mafamu amagulitsa motchipa zikayamba kuchepetsa kuikira, kawirikawiri zitakwanitsa chaka ndi theka. Zambiri mwa nkhuku zoterezi zimafooka m'sabata yoyamba. Nthawi zina chimakhala chabe chifukwa cha kutopa ndi ulendo, ludzu ndi kusintha kwa chakudya, koma nthawi zina amakhala matenda amene nkhukuyo inali nawo kale mobisika ndipo ulendo wangowavundukula. Pa tsiku loyamba n'kovuta kusiyanitsa ziwirizi, n'chifukwa chake zimene muyenera kuchita zili ndi ndondomeko yake: kuipatula, kuipatsa madzi ndi mpumulo, kuiyeza bwinobwino, ndipo mankhwala abwere pamapeto pamene mwadziwa chimene mukuchiza.

Ipatuleni isanakumane ndi zinzake

Nkhuku yatsopano isalowe m'khola la nkhuku zanu zakale, ngakhale itaoneka yathanzi, ndipo ikakhala yodwala lamuloli limakula mphamvu. Chitopa, chimene ena amachitcha chideru, chikhoza kukhala m'thupi la nkhuku kwa masiku 2 mpaka 15 chisanaonekere, ndipo nkhuku imodzi yochokera pamsika ndi yokwanira kumaliza khola lonse. Pamsika muyenera kukayikira kwambiri m'miyezi yotentha ya Seputembala mpaka Novembala, chifukwa eni ake ambiri akaona kuti nkhuku zayamba kufa m'mudzi amathamangira kukagulitsa zotsala zisanagwe. Ipatuleni kwa masabata osachepera atatu, ndipo ngati malo alipo, mwezi wathunthu ndi wabwino koposa.

Malo oipatulira akhale patali ndi khola lakale, pamene nkhuku zina sizingafike kudzajompha zotsala kapena kupalasa zitosi zake. Chiteletele chachikulu, katoni yoboola m'mbali kapena kachipinda kosagwiritsidwa ntchito zikhoza kukwanira, bola pakhale pouma, polowa mpweya koma posawomba mphepo, ndiponso potetezeka kwa agalu, amphaka ndi makoswe. Pansi yalani utuchi, mankhusu a mpunga kapena udzu wouma wodula mufupimufupi. Pa masiku awiri oyamba ndi bwino kuyala pepala kapena thumba loyera pamwamba pake kuti muzitha kuona mtundu wa zitosi. Chomwera ndi chodyera zikhale zakezake. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, yambani mwasamalira nkhuku zakale ndipo yodwalayo ikhale yomaliza, kenaka sambani m'manja ndi sopo, ndipo nsapato zimene mwalowa nazo kumeneko musapite nazo kukhola lalikulu.

Pali chizolowezi chomangirira nkhuku yatsopano mwendo ndi chingwe pamtengo kuti izolowere pakhomo. Kwa nkhuku yodwala zimenezi n'zosayenera. Chingwe chimadula mwendo, nkhuku imalephera kuthawa dzuwa likatembenuka, ndipo zinzake zimaipeza mosavuta n'kuyamba kuijompha.

Madzi, kutentha koyenera ndi bata

Nkhuku imene yayenda ulendo wautali itamangidwa miyendo, mwina itazondoka panjinga kapena itapanikizika m'minibasi, imafika ili ndi ludzu lalikulu, ndipo ludzu limapha msanga kuposa njala. Masulani miyendo yake nthawi yomweyo ndipo muone ngati chingwe chasiya bala kapena chotupa. Ipatseni madzi oyera osazizira kwambiri, mutasungunulamo supuni imodzi yaikulu ya shuga pa lita imodzi. M'masitolo ogulitsa mankhwala a ziweto mumapezeka timapaketi ta mavitamini osakaniza ndi michere tothira m'madzi, ndipo ngati mungatipeze, tsatirani muyezo wolembedwa pa paketi kwa masiku atatu kapena asanu. Madzi a shuga asagone. Asintheni m'mawa ndi madzulo chifukwa amasasa msanga kukatentha.

Ikakana kumwa yokha, viikani nsonga ya mlomo wake m'madzi kwa kanthawi kochepa n'kuisiya kuti ikweze mutu ndi kumeza. Ikalepherabe, donthezani madontho ochepa m'mbali mwa mlomo ndi jekeseni wopanda singano, n'kudikira kuti imeze musanadonthezenso. Musaikanule kukamwa ndi kuthiramo madzi, chifukwa khomo la njira ya mpweya lili kumbuyo kwa lilime, ndipo madzi akalowa mmenemo amapita m'mapapo n'kuipha nkhuku imene ikanachira. Thadzi lalikulu lathanzi limamwa pafupifupi kota ya lita pa tsiku, ndipo kukatentha limatha kufika theka la lita, choncho ikani chizindikiro pa chomwera kuti mudziwe ngati madzi akutsikadi.

Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo yodwala imalephera kusunga kutentha kumeneku. Ngati yafufumitsa nthenga, yabisa mutu ndipo miyendo yake ndi yozizira, makamaka mu Juni ndi Julayi, ikani pambali pake botolo la madzi ofunda lokulunga ndi nsalu, koma musiye malo oti ithe kusuntha ikamva kutentha. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ndi yoopsa chifukwa mpweya wake umapha. Ngati m'malo mwake yayasamula kukamwa, ikupuma mwawefuwefu ndipo yatambasula mapiko kutali ndi thupi, ndiye kuti yatenthedwa. Iikeni pamthunzi pamene pakupita kamphepo ndipo muviike miyendo yake m'madzi ozizirira. Mukatero isiyeni pamalo amdima pang'ono kwa maola angapo, ana asamaitsegule pafupipafupi.

Iyezeni kuyambira kumutu mpaka kumiyendo

Ikapuma, yambani mwaiyang'ana muli chapatali, musanaigwire, chifukwa nkhuku ikaona munthu imadzilimbitsa n'kubisa kufooka kwake. Onani mmene ikuimira, ngati mapiko agwa, ngati mchira waloza pansi, ngati ikutsimphina, ndiponso ngati ikutsinzina masana. Mvetserani kapumidwe kake, makamaka usiku kukakhala zii, pamene mkonono ndi kuyetsemula zimamveka bwino.

Poigwira, gwirani mapiko onse awiri pamodzi ndi thupi ndipo muikhazike pamkono panu. Musaizondotse. Yambirani kumutu. Kanyama kofiira ka pamutu kakatuwa, nkhuku ili ndi magazi ochepa, mwina chifukwa cha tizilombo toyamwa magazi kapena njoka za m'mimba, ngakhale kuti nkhuku zochokera m'mafamu zimabwera kanyamaka kali kotuwa ndi kogwera mbali popeza zakhala m'nyumba osaona dzuwa, ndipo kamafiira pakapita masabata angapo. Kakada kapena kuoneka kobiriwira, vuto ndi lalikulu ndipo likukhudza mapapo kapena mtima. Maso akhale owala, opanda thovu, ndipo mphuno zikhale zouma. Nkhope yotupa, mamina onunkha ndi maso omatika ndi zizindikiro za chimfine cha nkhuku. Tizilonda touma takuda pa kanyama ka pamutu ndi m'mbali mwa maso ndi nthomba ya nkhuku, imene udzudzu umathandiza kufalitsa. Tsegulani kukamwa pang'ono muone ngati muli zinthu zachikasu zomatirira pakhosi.

Kenaka papasani pachifuwa. Fupa la pakati likatuluka mosongoka popanda mnofu m'mbali mwake, nkhukuyo yakhala ikuwonda kwa nthawi yaitali ndipo vuto lake silinayambe ndi ulendowu. Pamwamba pa chifuwa, chakumanja kwa khosi, pali kathumba kamene chakudya chimayamba chafikira chisanatsike kunthutumba. Kathumba kameneka kayenera kukhala kodzaza madzulo ndi kopanda kanthu m'mamawa. Kuti mukayeze bwino, chotsani chakudya usiku n'kukapapasa m'mawa nkhuku isanadye. Kakakhala kolimba, chakudya chatsekeka. Kakakhala kofewa kodzaza madzi ndipo m'kamwa mukununkha zosasa, chakudya chavunda mmenemo.

Pomaliza, patulani nthenga pansi pa mapiko ndi kuzungulira kotulukira zitosi. Nsabwe zimaoneka zikuthawa pakhungu, ndipo mazira ake amaunjikana moyera patsinde pa nthenga. Utitiri umamatirira m'mbali mwa maso ndi pa kanyama ka pamutu ngati timadontho takuda tosasuntha. Papasani mimba pakati pa miyendo kuti mumve ngati yatupa, yadzaza madzi kapena muli chinthu cholimba. Onani mamba a miyendo ngati atukuka, ndi pansi pa mapazi ngati pali chotupa chokhala ndi kachipsera kakuda.

Zitosi zimanena zambiri. Zabwinobwino zimakhala zolimbako, zabulauni kapena zotuwa, zokhala ndi zoyera pamwamba, ndipo kangapo pa tsiku nkhuku imatulutsa zofewa zabulauni zonunkha kwambiri zimene si matenda. Zamagazi zimaloza ku matenda a m'matumbo otchedwa coccidiosis, amene amavuta kwambiri misoti ndi anapiye m'khola lonyowa. Zobiriwira zamadzimadzi zimaoneka nkhuku ikasiya kudya, koma zikabwera pamodzi ndi kupuma movutika, kugwa kwa mapiko kapena kupindika khosi, ganizirani chitopa. Nthawi zina mumaona njoka zenizenizo m'zitosi.

Chakudya cha masiku oyamba

Funsani kumene nkhukuyo yachokera kuti inkadya chiyani, ndipo muyambe ndi chomwecho. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi nkhuku za m'mafamu. Nkhuku imene moyo wake wonse yadya chakudya chogaya cha nkhuku zoikira siidziwa chimanga chathunthu, ndipo madeya okha sangaikwanire, chifukwa thupi lake likupitiriza kupanga mazira amene amafuna zomanga thupi ndi laimu wambiri. Ikasowa laimu m'chakudya imamutenga m'mafupa ake, amene ndi ofooka kale, ndipo mapeto ake imaikira mazira ofewa chikamba kapena kulephera kuima. Gulani chakudya cha nkhuku zoikira, ngakhale makilogalamu awiri okha, ndipo ngati mukufuna kuisinthira ku chakudya cha pakhomo, sakanizani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena iwiri. Thadzi loikira limadya magalamu pafupifupi 110 mpaka 120 pa tsiku.

Yodwala imadya mosavuta chakudya chonyowetsa ndi madzi ofunda kuti chikhale ngati phala lolimba. Dzira lowiritsa lonyenyanyenya, usipa wosinja wopanda mchere, soya wokazinga ndi kugaya, komanso chiswe, zimaibwezera mphamvu msanga. Soya wosakazinga musaipatse chifukwa amasokoneza kugaya chakudya. Ikani pang'ono nthawi imodzi ndipo chotsala muchichotse chisanasase. Madeya kapena chimanga chochita chuku n'choopsa kwa nkhuku iliyonse, ndipo kwa yodwala chikhoza kuimaliza. Ikaninso padera timiyala ting'onoting'ono kapena mchenga wokhakhala, popeza nthutumba imagaya ndi timiyala, ndi zikamba za mazira zowamba pamoto n'kusinja. Nkhuku ya pafamu musaitulutsire pa udzu wautali masiku oyamba, chifukwa imaumeza mwadyera ndipo umakulungana m'kathumba ka pakhosi kaja.

Mavuto amene mungathane nawo pakhomo

Utitiri wa m'mbali mwa maso upakeni Vaseline mochindikala kamodzi pa tsiku, ndipo umafa posowa mpweya. Palafini ndi mafuta a galimoto, amene ena amagwiritsa ntchito, amawotcha khungu ndi kuwononga maso. Vaseline yemweyo amathandiza miyendo ya mamba otukuka: viikani miyendo m'madzi ofunda a sopo, ipukuteni, n'kuipaka kawiri kapena katatu pa sabata kwa mwezi wathunthu, osakanganula mamba. Pa nsabwe gulani ufa wophera tizilombo wolembedwa kuti ndi wa nkhuku, ndipo mubwereze pakapita masiku 7 mpaka 10 popeza ufawo supha mazira ake. Mankhwala a m'munda, a thonje kapena a fodya, asakhudze nkhuku. Ikayamba kupeza bwino iikireni beseni la phulusa losakaniza ndi mchenga wouma kuti izisambamo.

Kathumba ka pakhosi kakalimba, chotsani chakudya kwa tsiku limodzi koma madzi akhalepo, donthezani mafuta ophikira pang'ono m'mbali mwa mlomo, ndipo mukasisite mofatsa kangapo pa tsiku. Musaizondotse kuti isanze, chifukwa zotulukazo zimalowa m'njira ya mpweya. Pakapita masiku awiri popanda kusintha, pafunika mlangizi wa ziweto.

Thadzi limene laima chowongoka, mchira uli pansi, likukankha kawirikawiri popanda kutulutsa kanthu, likhoza kukhala kuti dzira lakakamira. Likhazikeni m'beseni la madzi ofunda ofika pamimba kwa mphindi 15 kapena 20, lipukuteni mpaka liume, pakani Vaseline kotulukira dzira, lipatseni zikamba za mazira zosinja m'chakudya chonyowa, ndipo muliike pamdima. Musafinye mimba ndipo musayese kuswa dzira lili m'kati. Vutoli silidikira, tsiku likatha dzira lisanatuluke, funani thandizo. Mimba yotupa yodzaza madzi pa thadzi lakale la pafamu ndi nkhani ina, imene nthawi zambiri imachokera ku kuwonongeka kwa njira ya mazira, ndipo sichizika pakhomo.

Mabala a chingwe kapena ojomphedwa atsukeni ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono n'kupaka mankhwala a zilonda. Nthomba ilibe mankhwala ophera kachilombo kake, koma ikakhala ya pakhungu pokha imatha yokha pa masabata angapo, bola nkhuku izitha kuona ndi kudya. Za nthenga zosowa pa nkhuku za m'mafamu musadandaule nazo. Zimamera zikamadya bwino.

Mankhwala ndi nthawi yoitana mlangizi

Kutsegula kapisozi wa anthu n'kuthira m'madzi a nkhuku ndi chizolowezi chofala, koma n'cholakwika. Muyezo wake sudziwika, chitopa ndi nthomba sizimva mankhwala oterowo popeza zimayamba ndi mavairasi, ndipo kugwiritsa ntchito mankhwala mwachisawawa kumapangitsa kuti tizilombo tizolowere, mankhwalawo n'kusiya kugwira ntchito ngakhale pa anthu. Matenda aliwonse ali ndi mankhwala ake. Amprolium ndi wa coccidiosis, piperazine ndi wa njoka zozungulira za m'matumbo koma sapha njoka zaphanthiphanthi, ndipo oxytetracycline amathandiza pa matenda ena a mabakiteriya monga chimfine. Wosankha akhale mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene mungamupeze kudzera ku ofesi ya zaulimi, kapena dokotala wa ziweto m'tauni. Mufotokozereni kumene nkhuku yachokera, tsiku limene yafika ndi zimene mwaona, ndipo chithunzi cha zitosi chojambula pa foni chimamuthandiza kwambiri. Malizani masiku onse a mankhwala ngakhale nkhuku itaoneka kuti yachira, ndipo werengani pa paketi masiku amene mazira ndi nyama yake siziyenera kudyedwa.

Anthu ambiri amathira tsabola, aloe vera kapena masamba a nimu m'madzi a nkhuku. Zimenezi sizichiza chitopa, ndipo madzi akawawa kwambiri nkhuku imasiya kumwa, chimene ndi chinthu choipa koposa pa nkhuku yofooka.

Itanani mlangizi tsiku lomwelo ngati nkhuku yapinda khosi, ikuzungulirazungulira, yafa miyendo, ikupuma ndi kukamwa kotsegula popanda kutenthedwa, kapena yatupa mutu. Chitani chimodzimodzi mukamva kuti kumene inachokera nkhuku zikufa, kapena zanu zikayamba kufa mwadzidzidzi zingapo nthawi imodzi, chifukwa chitopa ndi chimfine cha mbalame (bird flu, matenda osiyana ndi chimfine cha nkhuku chija) zimafanana pa maonekedwe ndipo chachiwiricho chimatha kugwira anthu. Nkhuku imene yatha masiku angapo isakudya, isakumwa ndiponso isakuima ngakhale mwaisamalira, ndi bwino kuipha mwachangu kusiyana ndi kuisiya ikuvutika ndi kufalitsa matenda. Yofa ndi matenda isadyedwe, isagulitsidwe, ndipo isaponyedwe kudzala kumene agalu angaikoke. Ikwirireni m'dzenje lakuya kapena muiwotche pamodzi ndi zoyala zake, ndipo ziwiya zake muzitsuke ndi sopo ndi mankhwala ophera tizilombo n'kuziyanika padzuwa.

Katemera ndi kuiphatikiza ndi zinzake

Katemera amaperekedwa kwa nkhuku yathanzi, choncho yodwalayo idikire mpaka itachira. Zimene zikufunika katemera mwamsanga ndi nkhuku zanu zakale, ngati nthawi yake yakwana ndipo palibe imene ikuonetsa zizindikiro. Katemera wa chitopa wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, amaperekedwa podontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu kapena mwanapiye, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, komabe asungidwe pozizira ndi pamthunzi. Chitetezo chake chimayamba kugwira pakapita sabata imodzi kapena iwiri, motero ndi bwino kutemera nkhuku yatsopanoyo ikangochira n'kudikira masabata awiri isanasakanizidwe.

Nkhuku yachira ngati ikudya ndi kumwa yokha, zitosi zake zabwerera mwakale, ikudzikonza nthenga ndipo ikupalasa. Ngati inadwala chimfine, dziwani kuti ikhoza kukhalabe ndi kachilomboko ngakhale itachira n'kupatsira zinzake, choncho funsani mlangizi ngati n'koyenera kuisakaniza. Masiku opatula akatha, isunthireni m'chiteletele kapena kuseri kwa waya pamalo pamene nkhuku zakale zingaione koma osaifikira, kwa masiku asanu kapena sabata. Kenaka ilowetseni m'khola usiku zinzake zitagona, ndipo m'mawa mwake mukhale pafupi. Kujomphana pang'ono n'kosapeweka pamene zikukhazikitsa yaikulu ndi yaing'ono, koma ikani zodyera ndi zomwera ziwiri motalikirana kuti isamanidwe chakudya, ndipo ikatuluka magazi ichotseni mpaka bala litapola, popeza nkhuku zikaona magazi zimajompha osaleka. Tambala mumuletse kuikwera mpaka itabwerera mphamvu ndi nthenga za pamsana. Nkhuku ya pafamu imene sinazolowere kugona pamtanda muiikire mtanda wapansipansi, wosapitirira masentimita 30 kuchokera pansi, ndipo masiku oyamba muziilowetsa nokha m'khola dzuwa likamalowa mpaka itadziwa pogona.